Kachitini ka a Zebedee

Ku Biwi, mukadutsa magalaja a owotcherera zitsulo, panali kabenchi pakhonde la golosale, ndipo pakabenchipo panali a Zebedee. Munthuyu anachoka kwawo ku Ntchisi ali mnyamata, nayamba ndi kukonza mawotchi. Mawotchi atatha fasho analowa mawayilesi. Mafoni a m'manja atafika, anagula kasikuludalaiva konga kotokosera m'mano, kompyuta yotsokomola ndi nthambo imodzi, n'kudzitcha okha dokotala. Kumene anaphunzira udokotalawo musafunse, ngakhale akazi awo sakudziwa.

Cha m'ma 2006, makampani a foni za m'manja anali awiri, ina yofiira, ina yobiriwira, ndipo anthu ankawachemerera ngati matimu a mpira. A Zebedee ankafera yobiriwira. Foni zambiri zotchipa zinkabwera zokhoma: ukaikamo khadi la kampani ina, zinkakana ngati bulu. Ntchito yawo inali kuzitsegula. Akatsegula ankanyengerera mwiniwake kuti asinthe laini, khadi lofiiralo n'kuliponya m'kachitini ka polishi komwe ankakatchula kuti manda.

"Wina wagona!" ankatero akugwedeza kachitiniko, a pakhonde n'kufa nazo.

Tsiku lina kunabwera mayi Mwanamisi a ku Mangochi, ogulitsa usipa mumsika wa Chilinde. Anamasula foni pansonga ya chitenje. Vuto linali batire lokha, linkatha msanga.

"Amayi, batire si nkhani," anatero a Zebedee. "Nkhani ndi netiweki yanuyi. Foni ikutopa n'kuisakasaka."

"Ine za netiweki sindizidziwa, baba. Anandigulira mwana wanga Yasir asanapite ku Joni. Bola izilira akamaimba."

"Izilira mpaka aneba adandaule."

Analumikiza nthambo natsegula foniyo, ndipo potsegulapo zonse zomwe zinali m'mutu mwake zinafufutika. Iwo ankadziwa kuti zimatero, koma kufunsa ndiye sanafunse. Anaikamo khadi lobiriwira, lakale lofiira lija n'kulowa m'manda.

Patatha miyezi iwiri mayiwo anabweranso, nkhope itagwa. Yasir ankaimba mwezi ukatha, koma tsopano kunali zii. Asanabwere kuno, mayiwo anapita kwa neba wawo Jemima, yemwe anawasungira nambala ya ku Joni mufonimo, kuti awaimbire. Nambala munalibe. Papepala sinalembedwe paliponse.

A Zebedee anazindikira zomwe zachitika. Mwana akuimba palaini yakale, laini ili m'kachitini pafupi ndi phazi lawo. Mayi alibe nambala ya mwana, mwana alibe nambala ya mayi. Koma pakhonde panali anthu, ndipo dokotala salakwa pagulu.

"Ndi manetiweki a ku Joni amenewo, amayi, amavuta nthawi ya mvula. Aimba."

"Nanga kakhadi kakale kaja?"

"Kanapsa. Ndinataya."

"Zikomo, baba," anatero mayiwo, namanga foni pachitenje n'kuuyamba wapansi.

M'mawa mwake a Zebedee anakhuthula kachitini. Makhadi oposa makumi anayi, onse ofiira, ofanana ngati nyemba. Anatha masiku atatu akulowetsa limodzilimodzi m'foni yakale, makasitomala akubwerera. Lomwe ankafuna analipeza: munali mayina atatu okha omwe Yasir anasunga pakhadi asanachoke, Shehe, Jemima ndi Lole ya Usipa. Nambala ya ku Joni ija inali m'foni, ndiye inapita ndi madzi.

Munthu wanzeru akanathamangira nalo ku Chilinde tsiku lomwelo. Koma kulipereka kunali kuvomera bodza. Anati adikire kaye Yasir aimbe, apite ndi nkhani yabwino yovundikira yoipa. Anathiramo mayunitsi kuti laini isafe, nayamba kuyenda ndi mafoni awiri.

"Dokotala, mwalowa mpingo wofiira kodi?" anawaseka Laws, wowotcherera mageti. "Kapena pali kachibwenzi?"

A Zebedee anaseka nawo, koma mano okha.

Anatha masabata atatu choncho. Msewu wa ku Chilinde anauleka. Usipa kunyumba anauletsa, ati ukuwapweteka m'mimba. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, dzanja pathumba la malaya, mlaliki akanena za Yudasi iwo n'kuwerama.

Foni ya khadi lofiira ija inalira Lachisanu masana, nambala yake yaitali ngati sitima.

"Ndani ameneyu? Foni ya mayi anga ikutani kwa inu?" Anali Yasir, mawu ake anayamba mwaukali, kenako anafewa. "Achimwene, ingondiuzani zoona. Anamwalira?"

"Ali moyo! Musadule. Ayi, dulani, muimbenso likatha ola limodzi. Ndapota nanu."

Benchi anaisiya pululu, kompyuta ikuyaka. Minibasi sakanaidikira kuti idzaze. Anthu a ku Kawale anaona bambo wa chimimba akuthamanga ndi nsapato za tchalitchi, foni m'mwamba ngati wanyamula makala a moto. Anafika mumsika thukuta kamukamu, nagwada pakati pa malichero a usipa, amayi onse ogulitsa akuonerera.

"Amayi, kakhadi kaja sikanapse. Ndinanama. Nambala ndinafufuta ndine, ndipo kakhadiko nditakapeza ndakhala nako masabata atatu."

Mayi Mwanamisi asanatsegule pakamwa, foni inalira. Anailandira ndi manja awiri.

"Yasir? Usalire, mwanangu, ndine ndemwe. Ayi, sindinadwale, inadwala ndi foni. Inali kwa adokotala." Anatsitsa maso kwa munthu wogwada uja. "Eya, adokotala abwino. Kuchedwa chabe."

A Zebedee akanakonda akanatukwanidwa. Kutukwana umangotseka makutu n'kuiwala, koma ichi analibe pochibisa.

Atamaliza kulankhula, mayiwo anatola khala nawapatsira. "Lembani nambalayo apa pathabwa la benchi yanga, baba. Thabwa simungalitsegule ndi nthambo." Kenako anawakulungira usipa m'nyuzipepala, ati za mayendedwe.

Kuyambira pamenepo, aliyense wobwera ndi foni kwa a Zebedee ankayamba wapatsidwa kope ndi bolopeni kuti alembe kaye manambala ake, kaya ndi wofiira kaya wobiriwira. Kachitini kanakhalapobe, koma munkakhala timasikuluwu. Usipa uja anakaupereka kwa akazi awo, ana anadya. Iwo anati sakumva njala.