Mpini wa bambo ndauswa ndekha

Lachiwiri lapitali ndinaswa chinthu chomwe sindingachigule pamsika uliwonse. Mpaka lero mtima ukundiwawa.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndimasema zolembera zamtengo kuseri kwa nyumba yanga, kufupi ndi Mua. Ndimaboola kathabwa, kulowetsamo kapaipi kamkuwa, kukamanga pamakina ozungulitsa, kenako n'kumapala ndi tchizulo mpaka kasalale.

Malemu bambo anga anali mmisiri wa ziboliboli. Pogawa katundu wawo, ine ndinalandira kasemasema wa mpini wa phingo, woperepeseka pomwe pankagwira chala chawo. Mwezi watha achemwali anga, a Nangozo, anandipempha kuti ndidule mpiniwo ndisemere mwana wawo Tadala cholembera. Tadala akuyamba uphunzitsi Lolemba ku Golomoti, ndipo agogo akewo ndiwo ankamuperekeza kusukulu ali wamng'ono. Mpiniwo unali wokwana cholembera chimodzi basi.

Tsikulo linayamba ndi tsoka. Magetsi anathima ndisanamwe n'tiyi yemwe. Guluu ndinamupeza atauma m'botolo. Mbuzi ya aneba inadya sandipepa wanga, ngati kuti udzu watha m'dziko muno. Pofika masana ndinali nditakalipira aliyense, ndi nkhuku zomwe.

Magetsi anayaka cha m'ma 3 koloko, ine n'kuthamangira kumakina. Kunola tchizulo? Ndinati nthawi palibe, angathimenso. Phingo ndi mtengo wouma mtima, sufuna kukakamizidwa, ndipo izi ndazidziwa kuyambira ndili mwana. Koma ndinakanikiza tchizulo chobuntha ndi mkwiyo wonse wa tsikulo. Ndinangomva kuti thwa! Mpini unang'ambika pawiri, kapaipi kali poyera.

Ndinazimitsa makina n'kukhala pansi pa zipalo. Magetsi aja sanathimenso mpaka mawa lake.

Bambo anali ndi lamulo lawo. Akaona wina wafika pantchito nkhope ili gwaa, ankamulanda chida n'kumupatsa tsache. "Kasese kaye," ankatero, "dzanja lokwiya silisema." Ine ndinkayesa nkhanza. Lachiwiri tsache linali pakhomo pomwepo, ndipo ndinalidumpha.

Kodi ndine ndekha? Taonani zomwe timachita magetsi akangoyaka. Wometa amathamangitsa makina pamutu pa munthu ngati akupalira chimanga. Wowotcherera zitsulo amamata geti mokhota. Telala amasoka mkono wa malaya chagada. Tikalakwitsa timati ndi magetsi, ndi kutentha kwa kuno kuchigwa, ndi mbuzi ya aneba. Zonsezo n'zoona ndithu. Koma mbuzi sinagwire tchizulo changa.

Tinazolowera kuganiza kuti kusiya ntchito mtima ukatentha ndi ulesi. Timaopa kuti anthu atiseka, ati mmisiri wagona masana. Chonsecho tsiku loipa limatha lokha dzuwa likalowa, pomwe chimene waswa tsikulo umakhala nacho.

Lachitatu ndinanola zida bwinobwino n'kusema cholembera china ndi phingo wogula. Chinatuluka chokongola zedi, chopanda kachilema. Ndinaganizapo zongopereka chimenecho osanena kanthu. Akanadziwa ndani? Phingo ndi phingo.

Achemwali atafika panjinga Loweruka, bodza lija linandikanika. Ndinawaonetsa zidutswa ziwiri zija.

Anazitembenuza m'manja nthawi yaitali. "Achimwene, munali mutakwiya eti?"

"Eya, achemwali. Ndiyesa kumata ndi guluu."

"Ayi, musamate. Ndipatseni momwemo."

Sanakalipe, ndipo kukalipa kukanandipepukira. Anamanga zidutswazo pansonga ya chitenje chawo, n'kulandira cholembera chatsopano chija mwaulemu ngati cholandira kwa mlendo. Madzi akatayika saoleka.

Lolemba Tadala alemba maina a ana asukulu ake oyamba ndi mtengo womwe agogo ake sanaugwirepo. Cholembera cha mpini wa agogowo chikanatheka Lachitatu, ndikanangodikira tsiku limodzi.

Inu amene mwadzuka ndi mkwiyo lero, chili m'manja mwanucho mukachiswa, mukachipeza kuti china?