Woweta Sola wa ku Palabana

Mukanadutsa pa kanjira kafumbi kochokera ku Palabana kulowera kumidzi m'zaka zimene zija, mukanaona bambo wamtali wa imvi za m'mbali atakumbatira chigalasi chakuda pachifuwa, akuzungulira nacho nyumba yake. Amenewo anali Ba Matthias, ogulitsa mkaka panjinga, ndipo chigalasicho chinali sola yawo. Ena amaweta mbuzi, ena nkhumba. Iwo, kuwonjezera pa ng'ombe zawo zamkaka, ankaweta sola. Musaseke msanga, chifukwa chake chinalipo.

Akazi awo, Ba Agatha, anali otsogolera kwaya pa katchalitchi ka Akatolika ka m'deralo. Mawu awo anali okwera, oyera, oti ngakhale uli kudimba unkaimika khasu. Chaka china sisitere wina wa ku Kasisi anayendera makwaya akumidzi ndi wailesi yojambulira, ndipo anawasiyira kaseti imodzi. Chaka chotsatira Ba Agatha anadwala chifuwa. Mawu aja anayamba kutsika, kukoka, kulemera, mpaka tsiku lina anangoti zii. Maliro atatha, a kwaya anagwirizana kuti kasetiyo ikhale kwa amuna awo.

Kuyambira pamenepo, madzulo alionse akamaliza kukama ng'ombe ndi kutsuka zigubu, Ba Matthias ankakhala pakhonde n'kutsegula kaseti. Sankalira ayi. Ankagwedeza phazi, nthawi zina n'kumathira besi yawo imene, kunena zoona, inali yoipa zedi. Chimene ankachidikira kwambiri chinali kumapeto. Sisitere uja anachedwa kuzimitsa makina ake, choncho nyimbo yomaliza ikatha, Ba Agatha amamveka akuseka, n'kufuula kuti, "Atake Christabel, chokani pawindo apo, mutisokoneza!" Pajatu tsiku lojambulalo bambowa anaimika njinga n'kumasuzumira pawindo la tchalitchi ngati mwana wasukulu. Ndiye madzulo alionse ankayankha kuti, "Nachoka, amake mwana," kenako n'kuzimitsa wailesi.

Vuto linali moto. Wailesiyo inali yakale, malo oikamo mabatire ang'onoang'ono anadyeka ndi dzimbiri, moti inkayendera batire la galimoto. Tsono batire likafooka, kaseti imazungulira mwaulesi. Mawu a Ba Agatha ankatsika, kukoka, kulemera, ndendende mmene ankamvekera ali pamphasa m'miyezi yawo yomaliza. Tsiku loyamba kumva zimenezi, Ba Matthias anadzambatuka n'kuzula waya. Anachita mantha, ndipo anakwiya. Analumbira mumtima kuti akazi awo anadwala kamodzi m'nyumba imeneyi, sadzadwalamonso kachiwiri.

Poyamba ankamangirira batire lija panjinga kukalitchajitsa ku garaja ina ya kumsewu waukulu. Aa, linawazunza! Asidi anawadyera mabuluku mpaka ndi jekete ya kutchalitchi yomwe. Choncho mu 1995, mlimi wina wa mafamu akugulitsa katundu wake posamuka, Ba Matthias anakoka thole la ng'ombe lawo n'kukalisinthanitsa ndi sola. Anabwera nayo ataikulunga m'bulangete, akukankha njinga pang'onopang'ono kuti aliyense afunse.

Apa ndiye tiwanene pang'ono. Bambowa anali ndi kamtima kofuna kuonekera. Sola anaikhomera padenga, mbali yoyang'ana kunjira, kumwera, kuti wodutsa aliyense adziwe kuti pano pafika chitukuko. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likudutsa paliwombo penipeni, ndiye kaya sola iyang'ane kuti, moto unkangosefukira. Getsi la chubu linkawala mbee, Ba Agatha ankaimba ngati mtsikana. Mvula itabwera moto unachepako, koma iwo sanadabwe, mitambo ankaiona ndi maso. Chimene chinawazunguza mutu ndi Juni. Kumwamba kuli kangande, kopanda ndi kamtambo komwe, koma batire likungofooka.

M'mawa wina wozizira anakhala kuseri kwa nyumba akuothera dzuwa, nkhope ili khwinyu. Mnansi wawo, Ba Maybin, mmisiri wa matabwa wa pakamwa posatopa, anawapeza pamenepo. Anayang'ana Ba Matthias, anayang'ana galu ndi nkhuku zimene zinaunjikana pomwepo, kenako anayang'ana padenga.

"Imwe Ba Matthias," anatero, "nkhuku zanu zaziba kwamene kuli dzuwa. Galu waziba. Na imwe mwaziba, ndiye chake muli kuno. Koma sola yanu ikali busy kupatsa moni anthu panjira."

Ba Matthias anatukula mutu. Zoonadi, dzuwa la chisanu linali litapendekera kumpoto, likuyenda chamunsi, ndipo sola inalipatsa msana. Anachita manyazi, koma anaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lomwelo anaitsitsa. Ba Maybin anawakhomera kampando kotsamira, kopepuka, koikapo solayo, ndipo analumikiza waya wautali wofika m'nyumba. Uku ndiko kunali kuyamba kwa ubusa wa Ba Matthias. Asanapite ndi mkaka ankaiyang'anitsa kotulukira dzuwa, akabwera ankaitembenuza, masana n'kuisuntha kuithawitsa mthunzi wa mpapaya, madzulo n'kuilowetsa m'nyumba kuopa a manja ataliatali.

M'kupita kwa zaka anaidziwa sola yawo monga ankadziwira ng'ombe iliyonse m'khola. M'chisanu, masiku ali aafupi, ankaitsamiritsa kwambiri, ndipo inkapereka moto wokwanira kaseti ndi getsi lodyera chakudya. Mu Ogasiti ndi Seputembala mphepo inkabweretsa fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire, ndiye ankaipukuta kawirikawiri ndi chitambala chakale cha Ba Agatha, chofewa bwino. Okutobala unali mwezi wa mwanaalirenji. Anansi ankadzaza pakhonde kumvera mpira ndi nkhani, ana akuwerenga pansi pa chubu, batire osadandaula. Ngakhale mvula yoyamba sinkawavuta, poti kunkacha ndi dzuwa, kugwa masana. Koma Febuluwale, mayo! Mvumbi ukamanga, kumwamba kuli bii m'mawa mpaka madzulo, sola inkangodontheza timoto. Iwo ankati mwezi umene nkhokwe zimapepuka ndi womwewonso sola imagona ndi njala. M'masiku otero ankamvera nyimbo imodzi yokha, kapena kungothamangitsira kaseti kumapeto kuti amve kuseka kuja.

Unali moyo wabwino, tisaname. Mkaka unkagulika, ng'ombe zinkaswa, ndipo madzulo ankacheza ndi akazi awo.

Ndiye chaka china, mvumbi uli pakati, mayi wina wotsika basi ya ku Chipata pa boma la Chongwe anatumiza uthenga. Mwana wa Ba Matthias, Christabel, amene anakwatiwa ku Chipata, akubwera kumapeto kwa sabata ya mawa, adzagona usiku umodzi wokha popita ku Lusaka. Akubwera ndi kamwana kake kamene sikanayambe sukulu, kamene kanabadwa agogo ake aakazi atamwalira kale, ndipo anakatcha dzina lomwelo la Agatha. Mwanayo anafikapo pamudzipo ali wakumsana. Mawu a mwini dzina lake anali asanawamvepo ndi nzeru zake.

Ba Matthias anasangalala, kenako mtima unati myuu. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana batire. Kuti mdzukulu wawo amve agogo ake koyamba akubuula ngati wodwala? Ayi, zimenezo ndiye ayi. Garaja ija inali itatsekedwa kalekale, ndipo kamtsinje ka panjira kanali katadzaza, moti ngakhale mkaka ankaugulitsira tsidya lino. Panatsala njira imodzi. Anazula waya wa getsi, anapukuta koloboyi wakale n'kuthiramo parafini, ndipo kaseti anaitsekera m'sutikesi.

Madzulo oyamba opanda nyimbo anawawa kuposa mmene ankaganizira. Anakhala pakhonde manja ali pamaondo, akumvera achule. Anasowa akazi awo mwatsopano, ngati maliro achitika dzulo. Polowa m'nyumba anaima pafupi ndi sutikesi n'kunena motsitsa, "Pepani amake mwana, nisungira mlendo wanu."

Loweruka Ba Maybin anabwera ndi kampando kawo kudzamvera mpira monga mwa nthawi zonse.

"Lelo kulibe," anatero Ba Matthias.

"Kulibe shani? Hafu imodzi chabe!"

"Olo mluzu umodzi, Ba Maybin. Moto uyu uli na mwine wake."

Atawafotokozera, Ba Maybin anamvetsa. Ananyamula kampando kawo n'kupita. Koma pakamwa paja sipanagone, pofika mawa lake mudzi wonse unali utadziwa. Ndiye kunayambika zoseketsa. Mtambo ukangong'ambika pang'ono, wina kumunda ankakuwa, "Ba Matthias, dzuwa!" Wina kuchitsime n'kulandira, "Dzuwa uko!" Bambo wamkulu n'kusiya chimanga chowotcha pambale, kuthamanga m'matope atakumbatira sola, kuitchera pamene pawala. Nthawi zina asanaiimike n'komwe, mtambo unali utatseka kale. Ankangopukusa mutu, kupukuta madontho ndi chitambala chija, n'kudikiranso.

Christabel anafika masana kukuwaza mvula yamawawa, kamtsinje kaja kataphwerako, atanyamula nsapato m'manja. Kumbuyo kwake kunali kamtsikana ka maso akuluakulu, kolankhula ngati wailesi. Kanagwada n'kupereka moni, ndipo Ba Matthias anakanyamula m'mwamba.

"Mkazi wanga wamng'ono wabwera! Manje uzaniphikira chani?"

"Ine siniphikira amuna a imvi," kanayankha, anthu n'kufa nacho chiseko. Kenako kanaloza sola imene inali pakhomo. "Ambuya, ichi n'chani?"

"Ichi chimadya dzuwa. Chikakhuta, Ambuya ako aakazi amaimba."

Atadya maungu ndi mkaka, kunja kusanade, Ba Matthias anatulutsa kaseti. Analumikiza waya. Anadina batani n'kutseka maso. Kunamveka kaphokoso, kenako ng'oma, kenako mawu aja, okwera, oyera, osatsimphina ngakhale pang'ono. Christabel anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Kamtsikana kanayandikira, kanasuzumira kuseri kwa wailesi, kenako kanakhala pansi mwakachetechete mpaka nyimbo zonse zinatha. Ndiye kunabwera kuseka kuja. "Atake Christabel, chokani pawindo apo, mutisokoneza!"

Mwanayo anagwa chagada ndi phwete. "Akukalipirani, Ambuya! Bwezani, nifuna nimvenso!"

Anabweza. Kanafunanso nyimbo ya ng'oma ija, kanavina. Kanafunanso ina. Ba Matthias ankadziwa bwino lomwe kuti kubweza kaseti kumadya moto kuposa kuimba, ndipo Christabel anayesa kukaletsa, koma ndani akanakaniza mwana agogo ake amene wangowapeza kumene? Moto wosungidwa movutikira uja unkapita, iwo akuona.

Pakati pa nyimbo yomaliza, chimene ankachiopa chinafika. Ng'oma inayamba kulemera. Mawu a Ba Agatha anatsika, anakoka. Ba Matthias anatambasula dzanja kuti azule waya. Kadzanja kofunda kanawagwira pamkono.

"Musazimye, Ambuya. Atopa chabe. Aimba maningi, manje afuna kugona."

Kanavula kajuzi kake n'kufunditsa wailesi, n'kumaisisita pamwamba monga amachitira amake pokagoneka. "Gonani, Ambuya. Mailo dzuwa likabwera muzauka."

Ba Matthias anabweza dzanja lawo. Kwa nthawi yoyamba anawamvetsera mawu olemerawo osathawa. Ndipo anawazindikira. Sanali a pamphasa ya matenda okha ayi. Ndi mmenenso Ba Agatha ankaimbira kalekale atatopa ndi kumunda, akuwodzera, Christabel ali kubere. Iwo anali ataiwala zimenezo. Misozi inatsika, koma mtima unali pamalo.

Kaseti inakwawa mpaka kumapeto. Kuseka kuja kunabwera pang'onopang'ono, kwa munthu wa tulo, ndipo mawu anawauza mokoka kuti achoke pawindo.

"Nachoka, amake mwana," anatero Ba Matthias. "Mugone bwino."