Phala la Nyumba Nambala 14

Ntchito imeneyi ndinaiona pa bolodi la ku koleji. Ankafuna wophunzira wa digiri yachiwiri ya za poizoni, woti azizungulira midzi ya ku Dowa kuyeza chuku mu mtedza. Fizi ankalipira okha. Ine n'kuti nditakhala pakhomo zaka ziwiri ndi digiri yoyamba, ndiye ndinasaina osawerenga n'komwe.

Zida zinali sikelo yaing'ono, kachigayo ka m'manja, timabotolo, ndi timapepala tonga toyezera malungo. Umagaya mtedza, kusakaniza ndi mankhwala, kusefa, n'kuviikamo kapepala. Mzere wachiwiri ukapanda kuoneka, ndiye kuti poizoni wa chuku, uja amawononga chiwindi, wachuluka.

A Dokotala omwe ankandiyang'anira anali ndi lamulo limodzi. "Kapepala kamanama nthawi zina. Osauza munthu kanthu makina a ku Lilongwe asanatsimikize. Ukauza, nyumbayo tiichotsa mu kafukufuku, iwe uyambiranso." Makinawo n'kuti atafa mwezi wathunthu.

Nyumba nambala 14, kufupi ndi Dzoole, inali ya a Nabanda. Mtedza ankauwaza madzi kuti usavute kusenda. Wabwino ankakagulitsa ku Mponela, wonyala ndi wakuda n'kusinja nsinjiro za phala la mwana wawo Tadala, wa zaka ziwiri. Mtedza wawo ndinauyeza katatu, mzere osaoneka ndi pang'ono pomwe.

Lachinayi lotsatira ndinabwerera kukatenga wina. Ndinapeza akupakula phala. Anandiyalira mphasa, n'kundipatsa mbale yanga.

"Ndadya kale, mayi," ndinanama.

Tadala ankangomeza, maso ali pa ine. Abale inu, ndinadzida! Ine wophunzira ndateteza chiwindi changa, cha mwana ndachisiyira makina akufa. Ndikafuna kuyankhula, ndinkaona zaka ziwiri zija za pakhomo zikundidikira.

A Nabanda anaika supuni pansi. "Asisi, ulendo uja munadya mpaka kunyambita mbale. Mwaonamo chiyani mu mtedza wanga?"

Ndinawauza zonse, ngakhale zoti makina sanatsimikize. Anamulanda mwana mbale. Tadala analira.

"Ndamva," anatero. "Nanga mawa adye chiyani?"

Funso limenelo m'mabuku mwanga munalibe. Tinakhala pamphasa pomwepo kusankha mtedza umodziumodzi mpaka dzuwa kupendeka. Wabwino sunadzaze ndi kambale komwe.

A Dokotala anaichotsadi nyumbayo, ndipo sukulu ndinamaliza mochedwa ndi chaka chathunthu. Sindinawakwiyire kwenikweni, kapepala kamanamadi. Koma lero ophunzira anga akamapita kumidzi ndimawauza kuti chimene iwe wakana kudya, usaonerere mwana wa mnzako akuchidya uli duu. Ena amalemba mu kope. Mmodzi chaka chatha anakweza dzanja n'kufunsa kuti nanga akawauza makolo, mwanayo adye chiyani. Ndinamuyang'ana ngati mmene ndinawayang'anira a Nabanda tsiku lija atandifunsa funso lomwelo.