Mwana Amene Sankaponda Pansi

"Amayi, mwanayu muzimutsitsa kumsana. Muzimuyalira mphasa, azigona chafufumimba, azisewera. Mukapitiriza chonchi adzachedwa kuyenda."

Anatero a Zondwayo, mlangizi wa zaumoyo, tsiku la sikelo ku Champhira. Apo n'kuti Chawanangwa ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Mayi ake, Modester, anangoti "yewo" n'kumangitsa chitenje. Azimayi pamzerepo anaseka: mwamuna angadziwe chiyani za kubereka mwana kumsana? Apongozi ake a Modester, NyaMoyo, atamva anangoti, "Ana anga asanu ndi awiri ndinawalerera pamsana. Alipo akukwawa mpaka lero?"

Palibe anamvera.

Koma Modester anali ndi chifukwa chake. Mwana wake woyamba anamwalira atangoyamba kukwawa. Anatola kanthu pabwalo n'kuponya m'kamwa, anatsegula m'mimba masiku atatu, basi. Kuchokera pamenepo Modester akayang'ana pansi ankaona imfa.

Ndiye Chawanangwa ankakhalira kumsana. Posoka fodya m'chigafa, kumsana. Kumjigo, kumsana. Phala ankamupatsa lamadzimadzi kuopa kuti angatsamwe. Kumulankhula sankamulankhula. Ankangopisa dzanja kumbuyo pafupipafupi kuti amve ngati akupuma.

Atakwana chaka ndi miyezi inayi, mwana uja sankakwawa, sankaima. Ukamukhazika ankagwera cham'mbali ngati thumba losadzaza. Ngakhale "mama" weniweniyu, ayi.

Mwezi wa Julayi akuluakulu a pabanjapo anakhala pansi. Mwamuna wa Modester, Hector, anali ku Joni, ankamvera pa foni. Ku Champhira ng'ombe za malowolo zikaperekedwa, mwana ndi wa kuchimuna, ndipo Modester ankadziwa bwino.

"NyaShaba," anatero apongozi ake pomutchula dzina la kwawo, "woyamba anapita m'manja mwanu. Uyunso onani. Hector akubwera pa Khrisimasi. Akadzapeza mwana ali chomwechi, mbwenu inu mubwerere kwanu ku Edingeni, mwana atsale kuno."

 Hector sanamuikire kumbuyo.

Mawa lake Modester anapita kwa a Zondwayo, manyazi ali tho. "Ndapota, adada. Munanena, ine sindinamve."

Iwo sanamukalipire. Anamulembera kalata yopita kuchipatala chachikulu ku Mzimba boma. Kumeneko mayi wina wothandiza ana kulimbitsa thupi anamupinda mwanayo miyendo, kumuombera m'manja kumbuyo kwa khutu, kumuyeza zonse.

"Matenda sindikuwaona," anatero. "Miyendoyi ilibe vuto, koma sinapatsidwepo ntchito. M'mimbamu mukulowa madzi okhaokha. Nanga mumacheza naye?"

"Kucheza naye? Amamva chiyani?"

"Amamva zonse. Akudikira inuyo."

Tsiku loyamba kumuika pansi, Modester anasesa pakhonde katatu. Mphasa anaichapa ndi sopo n'kuiyanika. Atamugoneka chafufumimba, mwana analira, nayenso analira. Sipanathe mphindi zitatu anamunyamula.

Mawa lake anapirira mphindi zisanu. Manja ake anali pamwamba pa mwanayo, koma sanamugwire.

Anathira chimanga m'botolo la pulasitiki, n'kutseka kolimba, n'kumaliika patali pang'ono ndi dzanja la mwanayo. Phala anayamba kuphika lolimbirako, lothira nsinjiro ndi ufa wa soya. Nkhuku yake ikaikira, dzira limodzi linali la Chawanangwa.

"Mazira kwa mwana?" anadabwa NyaMoyo. "Mukufuna asadzalankhule mpaka kalekale?"

"Amama, osadya mazira sakulankhulanso. Ndiloleni ndiyese."

Anayambanso kumuuza chilichonse chimene akuchita. "Iyi ndi ndowa. Uyo ndi tambala, wamwano ngati malume ako. Tikusenda mbatata, Chawa, waona?" Anthu odutsa pamsewu ankacheuka, kufuna kuona mlendo amene akucheza naye. Mphekesera zinamveka kumjigo kuti mkamwana wa kwa Tembo, mkazi wa Hector, mutu wayamba kusokonekera.

Anatenga mitengo ya bulugamu yotsala pachigafa. Anakumba yekha maenje anayi, n'kumanga mitengo iwiri yopingasa yofika m'chiuno mwa mwana, monga anamuonetsera kuchipatala kuja. M'mawa ndi madzulo ankamuimika pamenepo atamugwira m'khwapa.

Sikuti zinangoyenda myaa. Mu Seputembala Chawanangwa anadwala malungo, ndipo zonse anaphunzira zija zinakhala ngati zafufutika. Modester anayambiranso pa mphindi zisanu.

Mu Okutobala mwana anakwawa. Tsiku lachitatu lake anatuluka pamphasa, n'kutapa dothi, n'kuika m'kamwa. Modester anakuwa mpaka agalu anauwa. Anamutsuka m'kamwa, n'kukhala tsiku lonse akusuzumira thewera. Mwana sanadwale. Mawa lake anamuikanso pansi. Pa zonse anachita mayiyu, chovuta kwambiri chinali chimenechi.

Mu Novembala Chawanangwa anaima yekha atagwira mtengo uja, n'kuloza khola. "Mbuzi!" Liwu lake loyamba silinali "mama". Modester sanadandaule. Anathamangira kukauza aliyense, ndi aja ankamunena aja.

Kutatsala masiku anayi kuti Khrisimasi ikwane, galimoto yodzaza katundu wa ku Joni inaima pabwalo. Hector anatsika, anapereka moni kwa mayi ake, koma maso a mkazi wake ankawazemba. Atanjuta kuti amasule chikwama, makiyi anagwa pansi n'kulira.

Chawanangwa anasiya mtengo wake. Phazi limodzi. Lina. Anadzandira ngati woledzera, manja ali m'mwamba. Modester anaika manja ake kumbuyo n'kugwirana yekha kuti asamuthandize. Mwana anaponda kasanu ndi kawiri, n'kukhala phwata pamapazi a bambo ake, makiyi ali m'manja.



"Kodi si uyu mumati sayenda?" anafunsa Hector.

NyaMoyo analulutira mpaka mpango unagwa. "Ine ndinkanena! Magazi a kwa Tembo salephera!"

"Amama," anatero Hector chapansipansi, "magazi anali momwemo mu Julayi." Kenako anatembenukira kwa mkazi wake. "NyaShaba, pepani chomene. Pa foni paja ndinayenera kulankhula."

Za ku Edingeni palibe anazitchulanso.

Pofika Febuluwale, azimayi asanu ndi anayi ankabwera ndi ana awo pakhonde la Modester Lachitatu lililonse. Ena anali omwe aja anaseka pamzere wa sikelo. Ndipo tsiku lina masana a Zondwayo anafika panjinga ndi kalata. Ku boma kunali maphunziro a masiku asanu a olera ana kusukulu za mkombaphala, ndipo iwo anapereka dzina lake. Ankayamba mawa lake.

Modester anawerenga kawiri. Chibadwire Chawanangwa, anali asanagonepo kutali naye ndi tsiku limodzi lomwe. Nanga akagwa? Nanga akatsamwa? Nanga moto?

"Pitani, mkamwana," anatero NyaMoyo. "Akagwa adzuka. Si ndinu munatiphunzitsa?"

Inu amayi anzanga amene mumasuzumira mwana kakhumi kuti muone ngati akupuma, mantha anu ndi chikondi, koma asakhale chingwe. Mwana amakula ndi chakudya chabwino, malo osewerera ndi mawu anu. Ngati wachedwa, pitani naye kuchipatala msanga, ndipo musadzitcha olephera. Munalakwitsa dzulo? Lero lilipo. Mtima wanu usagwe, yambani ndi mphindi zisanu.

Modester anayang'ana mwana wake akuthamangitsa anapiye kuseri kwa nkhokwe. Ankadzidziwa bwino: mwanayo akadzuka n'kumugwira chitenje akulira, ulendo uthera pomwepo. Anapinda kalata ija n'kuiika m'chikwama.

"Amama, lero agone kwa inu. Ine ndinyamuka kusanache, asanadzuke."