Prokopiy ndi Chithunzi cha Kumwamba

Prokopiy anabadwira m'mudzi wa asodzi pamene mtsinje wa Lena umathirira m'nyanja, koma nsomba sizinamukondepo. Anzake akamabwera ndi maukonde olemera, iye ankabwera ndi nkhani.

Mwayi wake unabwera ndi matope. Nthaka ya kumtunda, imene inauma gwa ndi chisanu kuyambira kalekale, inayamba kusungunuka. Mtsinje unkakokolola zowola za zomera zakale n'kukazitaya m'nyanja, madzi n'kumaoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Akatswiri ankayeza kuda kwa madziwo pa zithunzi za setilaiti, koma ankafuna munthu woti azitunga madzi m'mabotolo setilaitiyo ikamadutsa, kuti aone ngati makinawo sakunama. Mtsikana wa ku yunivesite, Sardaana, anafunsa kuti ndani ali ndi boti komanso nthawi. Mudzi wonse unaloza Prokopiy.

Atamva zoti kumwamba kuli chojambulira, anatulutsa jekete ya paukwati.

"Mukukatunga madzi kapena mukukafunsira mbeta?" anafunsa mkazi wake, Fevroniya.

"Dziko lonse lindiona, mayi. Mukufuna anene kuti ndilibe mkazi?"

Nyengo yonse imene nyanja inali yosaundana, ankati akatunga madzi n'kuimirira m'boti, tsitsi lopesapesa, akumwetulira kumwamba, mano ali gwedegwede ndi mphepo. Kukachita mitambo, setilaiti sinkaona kanthu, ndipo kunyumba sankayankhulitsika.

Kenako Sardaana anabwera ndi chithunzi. Prokopiy anavala magalasi n'kuyamba kudzifunafuna. Ankangoona madontho ofiirira ndi obiriwira.

"Ndili pati, mwanawe?"

Mtsikanayo anadodoma kaye, kenako analoza ndi nsonga ya pensulo. "Muli m'kadontho aka, amalume. Inu, boti, ndi mbali ina ya chilumba."

Prokopiy anayang'anitsitsa kadonthoko.

"Yandijambula kuchokera ku liwombo," anatero. "N'chifukwa chake nkhope sikuoneka."

Anapempha chithunzicho, n'kuchiika m'galasi, n'kuchipachika pabalaza. Mlendo aliyense ankalandira tiyi akatha kuona kadonthoko.

Zinasokonekera pamene Nyurgun, mnansi wake, anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti tsiku limenelo iyenso anali pomwepo akuponya ukonde, ndiye kadonthoko n'kawo onse awiri. Anakangana mpaka kukamutenga Fevroniya kukhitchini kuti aweruze. Mayiyo anapukuta manja, n'kusuzumira pafupi.

"Ndi nonse awiri," anatero. "Ndipo apa mwaoneka bwino kuposa masiku onse."