Wometa Amene Ankazimitsa Mashini

Mu babashopu ya amalume ake ankamutcha Nkhono, chifukwa mutu umodzi ankaumeta ola lathunthu. Sikuti manja ake anali olemera ayi. Kungoti munthu akakhala pampando wake ankayamba kukhuthula zakukhosi, Nkhono n'kuzimitsa mashini kuti amve bwino.

Tsiku lina bambo wina anadandaula kuti mwana wake woyendera njinga ya olumala anamukana kusukulu. Nkhono anavula epuloni nthawi yomweyo, n'kuwagwira dzanja bambowo ulendo wa kwa mphunzitsi wamkulu. Anadutsa msewu wonse bambowo atametedwa mbali imodzi yokha, anthu akufa nazo nseko, koma pobwerera mwanayo anali atapatsidwa malo.

Amalume anawadikirira pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Mphwanga, kumeta kunakukana. Koma zimene umachitazi anzako amalandira nazo malipiro. Pita ukaphunzire."

Anakaphunziradi, imvi zitayamba kale kusuzumira. Lero ali ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, komwe amathandiza mabanja ndi ana ovutika. Amalume amanyadira pouza makasitomala kuti mwa onse amene anawachotsa ntchito, ndi yekhayu anabwera kudzathokoza.