Ndinafunditsa Chidole cha Msilikali

Ndikudziwa ena munena kuti kunali kutopa ndi mashifiti, koma izi zinandichitikira masanasana, mutu uli bwinobwino, ndipo sindiwonjezera kalikonse.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Santry, kudziko la azungu, ndipo ndinkayang'anira bambo ena achizungu amene paunyamata wawo ankathandiza madokotala kunkhondo. Miyendo inali itafooka, zaka ziwiri osaimirira, kulikonse tinkachita kuwakankha panjinga ya olumala. Tsiku lina mwana wawo wamkazi anapempha kuti tiwapititse ku miyuziyamu ina yaing'ono yosungirako zinthu zakale zachipatala za asilikali, ati mwina akakumbukirako zakale. Titafika, iye anapita kukasaka poimika galimoto, n'kundisiyira bambo akewo m'manja.

Abale, m'katimo munali macheka odulira miyendo, mabotolo abulauni, mabandeji ofiirira ndi kukhalitsa. Pakona anali atakhoma tenti, m'menemo chidole cha msilikali chitagona pamachira, phazi lili pamtunda. Inu mukudziwa mmene tinaleredwera, kodi munthu ungadutse wodwala osanena kanthu? Ndisanaganize n'komwe ndinamupepesa m'Chichewa chathu chomwechi, n'kukoka bulangete kufunditsa phazilo monga ndimachitira kuntchito. Phazilo linali lotentha. Ndikuti lotentha, ngati la munthu wamalungo.

Ndinadumphira m'mbuyo, pocheuka ndinangoona njinga ili yokha. Ndinathamanga chipinda ndi chipinda, thukuta lili kamukamu, ndikudzifunsa kuti mwana wawo ndikamuuza chiyani, munthu wosayenda wandisowa bwanji? Mlonda wapakhomo anati sanaone aliyense akutuluka. Nditabwerera kutenti kuja ndinawapeza atagwada pambali pa machira, atavula lamba wawo, akumanga zolimba ntchafu ya chidolecho, manja amene ankalephera kugwira supuni osanjenjemera ngakhale pang'ono. Anandikalipira kuti ndigwire msanga magazi akutayika, ndipo ine ndi mantha angawo ndinagwiradi. Kenako anandiuza chapansipansi kuti wogona pamachirayo ndi mnzawo amene anamusiya kalekale kunkhondo galimoto ya ovulala itadzaza, ndipo zaka zonsezi anali chete, koma nditamuyankhula ine ndi pamene anayamba kuwaitana dzina.

Tinachita kuwanyamula anthu atatu kuwabwezera panjinga. Kuyambira tsiku lomwelo anakana kudya, ankangoti akudikiridwa, ndipo sabata isanathe anatisiya. Adokotala anati unali mtima. Mwana wawo anandithokoza pamaliro kuti ndinkawasamala bwino, ine ndikulephera kumuyang'ana kumaso, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Chidole ndi chidole, sindikukana. Koma machira aja anali enieni, ananyamulapo anthu, ena anathera pomwepo, ndipo ine ndimakhulupirira kuti si onse anachokapo. Mukalowa malo otere, ulemu wathu wakumudzi uja muusiye pakhomo, manja m'thumba, pakamwa potseka. Ine chifundo changa chinadzutsa wina, ndipo iye anatenga mnzake.